Chisankho chachibwereza cha ku Brooks-Medicine Hat: nanga a ku Calgary-Elbow alakwa chiyani?

Gulu la Amalawi a ku Alberta ndi abale awo

Lolemba, 7 Novembala 2022

Nabanda wa ku Brooks:
Abale anga, mawa Lachiwiri kuno ku Brooks-Medicine Hat tili ndi chisankho chachibwereza cha phungu wa Nyumba ya Malamulo ya chigawo cha Alberta, kuno ku Canada. Amene muli ndi ufulu wovota chonde musagone nazo. Koma pali nkhani imene ikundisowetsa mtendere. Mpando wa kuno unakhala wopanda munthu pa 7 Okutobala, pamene mayi Michaela Frey anatula pansi udindo kuti apereke malo kwa mayi Danielle Smith, amene dzulo lake anali atasankhidwa kukhala mtsogoleri wa chipani cholamula cha United Conservative Party (UCP). Mwezi umodzi wokha, zonse zakonzeka, mawa tikuvota. Pomwe ku Calgary-Elbow phungu wawo a Doug Schweitzer anachoka kumapeto kwa Ogasiti, ndipo mayi Smith anena poyera kuti kumeneko chisankho kulibe mpaka chachikulu cha mu Meyi chaka chamawa. Ndiye kuti anthu amenewo akhala miyezi 9 popanda wowayankhulira. Ife amene tikupindula ndi changu chimenechi tisangokhala chete ayi. Inu mukuziona bwanji?

Mlamu wa ku Area 25:
Alamu, ife a kumudzi kuno tithandizeni kaye kumvetsa. Mayiwo si ndi amene akulamula kale chigawocho? Ndiye akupikisananso pa mpando wa phungu chifukwa chiyani?

Aphunzitsi a ku Edmonton:
Funso labwino achimwene. Kuno anthu savotera Premier, mtsogoleri wa boma la chigawo, mwachindunji ngati mmene timavotera Pulezidenti kwathu. Chigawo chili ndi madera 87, dera lililonse limasankha phungu mmodzi, ndipo mtsogoleri wa chipani chimene chili ndi aphungu ambiri ndi amene amakhala Premier. A Jason Kenney, amene anali Premier, atalengeza mu Meyi kuti akutula pansi udindo, mamembala a UCP okhaokha ndi amene anasankha wolowa m'malo. Mayi Smith anapambana pa 6 Okutobala, pa ulendo wachisanu ndi chimodzi wowerenga mavoti, atagonjetsa a Travis Toews, ndipo analumbira pa 11 Okutobala. Tsono iwo sanali phungu. Lamulo limalola kuti alumbire, koma popanda mpando sangayime m'Nyumba ya Malamulo kuyankhula, sangayankhe mafunso a otsutsa, sangavote pa bilu. Nchifukwa chake phungu wa dera limene chipani chili ndi mphamvu amadzipereka kuchoka.

Sizachilendo ayi. A Jim Prentice mu 2014 anachita chimodzimodzi, analowera ku Calgary-Foothills. A Don Getty mu 1989 chipani chawo chinapambana koma iwo anagwa m'dera lawo ku Edmonton-Whitemud, mpaka anakapeza mpando ku Stettler pa chisankho chachibwereza.

Mlamu wa ku Area 25:
Zikomo aphunzitsi, ndamva. Kwathu kuno ndiye zimayenda mosemphana. A Chakwera, amene anapambana upulezidenti mu Juni 2020, anasiya mpando wa Lilongwe North West, anthu nkukasankha phungu wina pa 10 Novembala chaka chomwecho.

Dalaivala wa ku Hat:
Ine ndiyankhe a Nabanda mosabisa. Sindikuona cholakwika. Chisankho cha kuno nchofunika chifukwa chigawo sichingayende ndi mtsogoleri amene ali panja pa Nyumba ya Malamulo. Cha ku Elbow nchosiyana. Mukasankha munthu lero, akalumbire, akhale m'Nyumba milungu yowerengeka, Khirisimasi yafika, kenako mu Meyi abwererenso kukapempha mavoti. Ndalama zokonzera chisankho ndi misonkho yathu yomweyi, imene ena timaipeza titagona m'thiraki pa Highway 1 kunja kukuzizira koopsa. Tisamangotsutsa chilichonse poti wachita ndi wa UCP.

Nabanda wa ku Brooks:
Achimwene, ine sindinatchule zoti ndikuvotera ndani. Koma taganizani. Wosankhidwa mawa kuno nayenso mu Meyi abwerera kukapempha mavoti. Miyezi yake ndi yomweyo. Ngati nthawi ndi yochepa kwa a ku Elbow, ndi yochepanso kwa ife. Ndipo mpando wopanda munthu unalipo kale pamene mayi Smith amafuna polowera. Akanatha kukayima ku Elbow komweko popanda kuchotsa phungu amene tinali naye kuno.

Aphunzitsi a ku Edmonton:
Mfundo ya a Nabanda ndi yolemera. Ndiwonjezere kuti a Prentice aja sanadzikonzere chisankho chawo chokha. Pa 27 Okutobala 2014 madera anayi anavota tsiku limodzi, ndipo limodzi mwa iwo linali Calgary-Elbow yomweyi, itasiyidwa ndi mayi Alison Redford. Choncho njira yochitira zonse pamodzi ilipo ndipo inayendedwapo kale.

Mukaona mbiri ya dera limeneli mumvetsa chifukwa chake anthu akukayika. Linali dera la a Ralph Klein, amene anali Premier kuyambira 1992 mpaka 2006. Atachoka, chisankho chachibwereza cha 2007 chinapita kwa a Liberal. Mu 2015 anthu a kumeneko anasankha a Greg Clark a Alberta Party. Si dera loti chipani chingalowe chili ndi chitsimikizo. Maganizo anga ndi akuti UCP yaopa kugonja mu Calgary miyezi yochepa chisankho chachikulu chisanafike, chifukwa aliyense akudziwa kuti Edmonton ili ndi chipani chotsutsa cha NDP, midzi ili ndi UCP, ndipo wotenga Calgary ndi amene atenge boma.

Dalaivala wa ku Hat:
Ndale ndi choncho aphunzitsi. Mayi Rachel Notley, mtsogoleri wa NDP, akanakhala pa mpandowo sakanasankha malo owakomera?

Anaphiri a ku Calgary:
Mwina akanatero, ndipo ndikanawadzudzula chimodzimodzi. Achimwene a Dalaivala, ine ndimakhala m'dera lomwe mukukambiranalo, ndiye ndiloleni ndifotokoze zimene phungu amatanthauza kwa munthu wamba kuno, chifukwa ambiri timangoganiza za mikangano ya pa TV.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Pali agogo ena amene ndimawasambitsa m'mawa, mwana wawo wamkazi ndi amene amawayang'anira yekha. Agogowo anayamba kudzuka usiku nkumatsegula zitseko, mwanayo akugona pa mpando pafupi ndi khomo kuti awamve akamatuluka, m'mawa nkupita kuntchito maso ali gwa. Anapempha kuti maola a chithandizo awonjezeredwe, mapepala nkumangozungulira. Zikafika pamenepo munthu amapita kwa phungu wake, phunguyo amalemba kalata kapena kuyimba foni ku unduna, ndipo akaona kuti mabanja ambiri akulira ndi vuto lomwelo amakayimirira m'Nyumba nkufunsa nduna pamaso pa anthu onse. Tsiku lina mayiyo anandifunsa ndili kupinda zovala za agogo kuti, kodi ife phungu wathu ndi ndani tsopano? Ndinalibe dzina loti ndimupatse.

Zipatala, sukulu, chithandizo cha olumala, malamulo a lendi, malipiro otsikitsitsa aja a $15 pa ola, zonsezi ndi za boma la chigawo, osati boma la dziko lonse la ku Ottawa. Ndiye mukati miyezi 9 ndi yochepa, kumbukirani kuti mkati mwake muli bajeti ya chigawo chonse.

Nabanda wa ku Brooks:
Anaphiri mwandikhudza. Pepani nazo.

Dalaivala wa ku Hat:
Za agogozo zandimvetsa chisoni mayi, sindikutsutsa. Koma boma linanena kuti aphungu a madera oyandikana athandiza anthu a ku Elbow.

Anaphiri a ku Calgary:
Phungu wa dera lina ali ndi anthu ake amene anamusankha, ndipo ndi kwa iwowo kumene akabwerere kukapempha voti. Akandithandiza ine ndi chifundo chabe. Akapanda kundithandiza ndilibe pomugwira.

Mnyamata wa shifiti ya usiku:
Akuluakulu ndilowepo pang'ono. Ine nkhawa yanga ndi ina. Kuno ku Brooks anthu ambiri amene mumawaona m'misewu savota nkomwe. Tawuni ino ili ndi anthu pafupifupi 15,000 ndipo ambiri amadalira fakitale ya nyama ya JBS. Mukalowa m'chipinda chodyera nthawi yosinthana shifiti mumva Chisomali, Chiarabu, Chitagalog, Chiamhariki, Chiswahili, aliyense ali ndi kontena yake ya chakudya pa mzere wa microwave, zipewa zoyera zili pa tebulo. Koma kuti uvote uyenera kukhala nzika ya Canada, wa zaka 18, wokhala mu Alberta. Ine ndili ndi PR, chilolezo chokhazikika m'dziko muno koma osati unzika, msonkho amadula pa malipiro aliwonse, koma pepala lovotera sindingalikhudze. Loweruka kunabwera mayi wina wa kampeni pakhomo, chipale chofewa chili m'nsapato, anandifunsa ngati ndili nzika. Nditati ayi anandithokoza mwaulemu, nkundisiyira kapepala, nkupita khomo lina. Sanalakwe, nthawi yake ndi yochepa. Koma ndinatsala ndi mafunso anga onse a nyumba za lendi ndi a kusowa kwa madokotala a mabanja.

Gogo Nachisale:
Mwanawe, usataye mtima. Ife tinabwera kuno kale, tinadutsa momwemo. Ngakhale sunavote, phungu akasankhidwa ndi wa aliyense wokhala m'deralo. Ofesi yake ukhoza kulowamo, safunsa pasipoti pakhomo. Ndipo ku misonkhano ya kampeni ukhoza kupita nkufunsa funso lako. Koma masiku ako akakwana usachedwe kulemba za unzika. Ambiri a ife timazengereza zaka ndi zaka, kenako nkumadandaula kuti satimva.

Aphunzitsi a ku Edmonton:
Agogo anena zoona. Ndikumbutseko kusiyana kwake, poti ambiri timasokoneza. Nkhani za PR, visa ndi unzika zimapita kwa phungu wa ku Ottawa. Za chipatala, sukulu, laisensi ndi malamulo a pantchito zimapita kwa phungu wa Nyumba ya Malamulo ya chigawo ku Edmonton, amene akusankhidwa mawayu.

Mlamu wa ku Area 25:
Ine ndimayesa kuti zosiya dera lopanda phungu ndi zathu zokha. Malamulo athu, ndime 63, amati chisankho chachibwereza chichitike pasanathe masiku 60, koma nthawi zambiri timamva zoti ndalama palibe. Mukukumbuka Lilongwe City South East? Mkangano unayamba pa chisankho cha 2014, mabokosi a mavoti anapsa m'nyumba yosungiramo katundu, mlandu unayenda mpaka khoti lalikulu la apilo, ndipo anthu anadzavotanso pa 17 Okutobala 2017 pamene a Ulemu Msungama anapambana. Nthawi yambiri ya mpandowo inali itapita kale.

Gogo Nachisale:
Alamu, zoona, koma tisasakanize. Za kumudzi zija zinali za makhoti ndi ndalama. Za kunozi ndalama zilipo, mafuta akugulidwa pa mtengo wabwino chaka chino, bungwe la Elections Alberta likhoza kukonza chisankho m'masiku 28. Chimene chasowa ndi kufuna kwa amene ali ndi mphamvu yolengeza tsiku. Kwa ine zimenezi ndiye zowawa kwambiri. Tsiku la chisankho chachibwereza lisamakhale m'manja mwa munthu amene ali ndi phindu pa zotsatira zake.

Dalaivala wa ku Hat:
Apo pokha agogo ndikugwirizana nanu. Lamulo likanangonena tsiku lokha, mpando ukatsala chisankho chizichitika pakatha masiku akutiakuti, mkangano wonsewu sukanakhalapo. Komabe mawa ine voti yanga ikupita kwa mayi Smith. Ntchito yanga imadalira mafuta ndi gasi, ndipo ndi iwo amene akulimbana ndi Ottawa pa nkhani imeneyi. Komanso dera lathu kukhala ndi Premier ngati phungu si chinthu chaching'ono. Msewu ndi chipatala zikavuta adzamva msanga.

Nabanda wa ku Brooks:
Ndi ufulu wanu achimwene ndipo ndikulemekeza. Ine chimene chikundivuta nchakuti mayiwa kwawo ndi ku High River, si a kuno. A Barry Morishita, amene akupikisana nawo, anakhalapo meya wa Brooks, timakumana nawo m'sitolo, akudziwa mavuto a tawuni ino. Mayi Gwendoline Dirk a NDP ndi mphunzitsi wopuma wa ku Medicine Hat. Premier adzakhala ku Edmonton ndi ku Calgary, adzapeza liti nthawi yokhala pansi ndi ife? Ndipo zimene ananena tsiku lolumbira lija, zoti anthu osabayitsa katemera ndi amene asalidwa kuposa gulu lina lililonse limene iwo analionapo pa moyo wawo, zinandipweteka. M'tawuni ino muli anthu amene anakulira m'misasa ya othawa nkhondo.

Aphunzitsi a ku Edmonton:
Pa mbiri yawo, kwa amene munabwera posachedwa: anali mtsogoleri wa chipani cha Wildrose ndiponso wa otsutsa boma, phungu wa Highwood kuyambira 2012. Mu Disembala 2014 anawoloka ndi aphungu anzawo 8 kupita ku chipani chimene chinkalamula nthawiyo cha Progressive Conservative (PC). Kwathu zikanadzutsa nkhani ya Section 65, koma kuno lamulo lotero kulibe. Anthu a m'dera lawo ndi amene anawalanga, chipani chatsopanocho sichinawasankhe kuti ayimire mu 2015. Atatero anakakhala pa wailesi zaka zingapo, ndipo kumeneko ndi kumene anamanganso gulu lowatsatira.

Mnyamata wa shifiti ya usiku:
Kwa anzanga a pa shifiti amene ali nzika, malo ovotera akutsegula nthawi yanji? Ena akuopa kuti sapeza mpata.

Nabanda wa ku Brooks:
Kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku. Atenge laisensi yoyendetsera galimoto kapena chitupa cha boma chimene chili ndi chithunzi ndi adiresi ya kumene akukhala pano. Ngati adiresi ndi yakale atenge zikalata ziwiri, china chikhale ngati bilu ya magetsi yosonyeza adiresi yatsopano. Lamulo limanenanso kuti wantchito akhale ndi maola atatu otsatizana oti akavote, choncho ngati shifiti ikutseka tsiku lonse ayankhule ndi abwana lero lomwe. Sizitenga nthawi. Amakupatsa pepala, umalowa kuseri kwa kabokosi, umachonga dzina limodzi, basi. Inki ya pa chala kulibe. Amene alibe galimoto andiyimbire, madzulo ndili ndi malo a anthu atatu.

Lachitatu, 9 Novembala 2022

Aphunzitsi a ku Edmonton:
Mwadzuka bwanji nonse. Zotsatira zatuluka usiku. Mayi Smith apambana ndi mavoti pafupifupi 55 pa 100 aliwonse. Mayi Dirk apeza pafupifupi 27, a Morishita pafupifupi 17, otsalawo agawana anthu awiri a zipani zing'onozing'ono. Mu 2019 mayi Frey anapeza oposa 60 pa 100 m'dera lomweli. Ovota sanafike ngakhale theka la amene ali m'kaundula.

Dalaivala wa ku Hat:
Anthu ayankhula. Tsopano agwire ntchito, tiwaona ndi zochita zawo.

Nabanda wa ku Brooks:
Ndavomereza achimwene, ndi phungu wanga tsopano ndipo ofesi yawo ndidzaipita monga ndinkachitira ndi amene analipo. Za a Morishita zandidabwitsa, ndimayembekeza kuti kwawo kuno achita bwino kuposa apa. Zikuoneka kuti amene sakufuna UCP aganiza zounjikana ku NDP. Koma kutsika kwa mavoti a UCP m'dera lotetezeka ngati lino kukundiuza kuti ku Elbow zikanavuta ndithu, ndipo iwo ankadziwa.

Dalaivala wa ku Hat:
Chisankho chachibwereza anthu ambiri satuluka mayi, makamaka kukazizira chonchi. Musawerengere za mu Meyi pa manambala a dzulo.

Anaphiri a ku Calgary:
Ine za mu Meyi sindinafikeko. Nyumba ikutsegulidwa pa 29 Novembala, ndipo mayi Smith analonjeza kuti bilu yoyamba ikhala ija ya Sovereignty Act, yopatsa chigawo mphamvu yokana kutsatira malamulo ena a ku Ottawa. Kaya munthu ukuikonda kaya ukudana nayo, ndi nkhani yaikulu kuposa zonse zimene Nyumbayi yakambapo zaka zapitazi. A ku Brooks mudzakhala ndi voti pa bilu imeneyo. A ku Medicine Hat mudzakhala nayo. Ife mpando wathu udzakhala wopanda munthu, wotiyankhulira movomereza kapena mokana palibe. A Dalaivala, lero zakomera chipani chanu, koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Boma likadzasintha, ena adzasiya dera la kumidzi lopanda phungu nkumaloza zimene zachitika chaka chino.

Dalaivala wa ku Hat:
Ndamva mayi. Mukalemba kalata yopempha kuti lamulo likonzedwe, tsiku lizidziwika lokha, dzina langa muliyikepo.

Gogo Nachisale:
Lembani Anaphiri, mwachidule, tsamba limodzi. Mufotokoze za mayi wosamalira agogo uja popanda kutchula dzina lake. Ipite ku ofesi ya Premier, ina kwa mtsogoleri wa otsutsa mayi Rachel Notley, ina kwa Sipikala. Aliyense wa ife atumizenso kwa phungu wa dera lake, chifukwa kalata yochokera kwa munthu wa m'dera lawo amayiyankha msanga kuposa ya mlendo.

Anaphiri a ku Calgary:
Ndilemba Loweruka ndikaweruka, ndiponya pano kuti aphunzitsi akonze Chingerezi chake.

Mnyamata wa shifiti ya usiku:
Agogo, za unzika zija ndawerengera masiku anga usiku. Akufuna angati kwenikweni?

Aphunzitsi a ku Edmonton:
Masiku 1,095 okhala mu Canada pa zaka 5 zapitazi, ndipo misonkho ya zaka zitatu ikhale yolembedwa. Masiku amene unali kuno usanalandire PR, monga pa chilolezo cha ntchito, amawerengedwa theka, osapitirira 365. Mtengo wake kwa munthu wamkulu chaka chino cha 2022 ndi $630. Kwa a zaka 18 mpaka 54 pali mayeso a mbiri ndi kayendetsedwe ka dziko, komanso umboni wa Chingerezi kapena Chifalansa. Masiku amene unapita kumudzi kukaona abale uwachotsere, ambiri amalakwitsa pamenepo.

Mnyamata wa shifiti ya usiku:
Ndiye ndikwanitsa mu Febuluwale. Chisankho cha mu Meyi chindipitirira.

Gogo Nachisale:
Chikupitirira inde, mapepala amatenga nthawi. Koma yamba kusonkhanitsa zikalata panopa. Ubwere ndi pasipoti zako zonse, yakale ndi yatsopano, Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi tidzawerengere limodzi masiku a maulendo ako.